Kuchoka ku Lusaka kukatsetsereka pa chipale cha Niseko: zoyenera kudziwa musanagule tikiti

Nsonga ya phiri la Niseko Annupuri, pachilumba cha Hokkaido kumpoto kwa Japan, ili mamita 1,308 pamwamba pa nyanja. Lusaka wathuyu ali pafupifupi mamita 1,280. Munthu woima pa Cairo Road ali pafupifupi pamsinkhu umodzi ndi amene waima pansonga ya phirilo, choncho za kubanika ndi mpweya wochepa, zimene zimasautsa alendo kumapiri a Colorado ku America, musazidere nkhawa. Chimene chimatengera anthu ku Niseko ndi chipale chake. Mphepo yozizira yochokera ku Siberia imadutsa pamwamba pa Nyanja ya Japan, yomwe madzi ake ndi ofundirapo, n'kutunga chinyontho, ndipo ikagunda mapiri a Hokkaido imachikhuthula chonse. Pachaka chimagwa chipale choposa mamita 10. Ndi chouma, chopepuka ngati ufa wa bulekifasiti wongosefedwa kumene, moti mukachifumbata sichiumbika, chimangoyoyoka m'zala. Ndicho chimene amachitcha powder.

Ufa umenewu ndi wokoma kwa odziwa, koma kwa wophunzira ndi chilango. Ulendo wonse uyenera kukonzedwa poganizira zimenezi.

Yambani mwadziyeza

Ku Japan njira zotsetserekamo amazilemba ndi mitundu itatu: zobiriwira za ophunzira, zofiira za odziwako, zakuda za akatswiri. Zobiriwira ndi zofiira zambiri makina amazipsinja usiku, zimakhala zosalala ndi zolimba. Powder weniweni ali m'mphepete mwa njira, m'mitengo, ndi kunja kwa malire a malo osamalidwa. Muyeso wake ndi uwu: ngati simutha kutsika njira yofiira yonse ma ski (timatabwa tiwiri titalititali tomangirira kumapazi) ali ofanana mbali ndi mbali, osawatsegula ngati chilembo V, ndiponso kuima pamalo amene mwasankha, simunafike polowa mu ufa wakuya. Munthu wolimba thupi amene sanapondepo chipale amafunika masiku angapo a maphunziro kuti angozolowera njira zobiriwira, ndipo njira zakuda kawirikawiri ndi nkhani ya ulendo wachiwiri kapena wachitatu.

Pali malo apafupi oyambira. Afriski ku Lesotho imatsegula kuyambira Juni mpaka Ogasiti, njira yake yaikulu ndi ya pafupifupi kilomita imodzi, ndipo ili pamwamba kuposa mamita 3,000, kotero kumeneko ndiye mpweya mudzaumva kuchepa. Amene akudutsira ku Dubai angathe kugonako tsiku limodzi n'kulowa ku Ski Dubai mu Mall of the Emirates. Konseku si powder, koma mumaphunzira kuvala nsapato, kukwera lifiti (mipando yolendewera pa chingwe yokwezera anthu paphiri) ndi kugwa bwino, zinthu zimene kuziphunzirira ku Niseko n'kuwononga ndalama.

Miyendo muyambe kuikonza masabata asanu ndi atatu ulendo usanafike. Katatu pa sabata: kunjuta ndi kudzuka maulendo 15, katatu, kutsamira khoma ngati mwakhala pampando wosaoneka kwa mphindi imodzi, kukwera masitepe kapena kupalasa njinga kwa theka la ola. Mawondo ambiri amavulala madzulo ntchafu zitatopa.

Nthawi, viza ndi ndege

Nyengo imayamba kumayambiriro a Disembala n'kufika kumayambiriro a Meyi, koma ufa wochuluka umagwa mu Januwale ndi Febuluwale, kuno mvula ili mkati. Masiku amenewo dzuwa limasowa, mwina sabata yonse osaliona, ndipo phiri la Yotei la mamita 1,898, lomwe lili moyang'anizana ndi Niseko, ena amabwerera asanalione. Pewani sabata ya Khirisimasi ndi Nyuwere, komanso ya chaka chatsopano cha ku China chomwe chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale: mitengo ya zipinda imakwera ndipo mizere ya pa lifiti imatalika. Wophunzira asankhe Malichi. Kumakhala dzuwa, kuzizira kwachepa, anthu achepa.

Pasipoti ya Zambia imafuna viza, ndipo ofesi ya kazembe wa Japan ili mu Lusaka momwemuno. Konzani fomu, chithunzi, ndondomeko ya ulendo ya tsiku ndi tsiku, zikalata za ku banki ndi kalata ya ku ntchito. Viza yolowera kamodzi imagwira ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku limene yaperekedwa, choncho musaipemphe mu Seputembala ulendo uli wa Febuluwale. Mwezi umodzi kapena iwiri ulendo usanafike ndiye bwino.

Kuchokera pa Kenneth Kaunda International Airport mumadutsira ku Addis Ababa, Dubai kapena Doha, n'kukatera ku Tokyo, kenako ndege ina ya ola limodzi ndi theka kupita ku New Chitose pafupi ndi Sapporo. Apa pali msampha. Tokyo ili ndi mabwalo awiri, Narita ndi Haneda, ndipo kuchoka pa lina kupita pa linzake ndi ulendo woposa ola limodzi pa basi. Onani bwino tikiti yanu, ndipo ngati mabwalowo asiyana siyani maola anayi kapena asanu pakati. Kuchoka ku New Chitose, basi yopita ku Niseko imatenga maola awiri ndi theka kapena atatu, ndipo malo ake mulipiriretu. Sitima nayo ilipo, yodzera ku Otaru mpaka tauni ya Kutchan. Pobwerera mugone usiku umodzi ku Sapporo kapena ku Tokyo, chifukwa chipale chomwe mwadzerachi ndi chomwenso chimaimitsa ndege.

Galimoto musabwereke. N'zoona kuti a ku Japan amayenda kumanzere ngati ife, ndipo galimoto zake ndi zomwezi zadzaza mu Great East Road, koma kuponda buleki pa msewu wa ayezi ndi luso lina. Mabasi oyendayenda pakati pa midzi ya m'tsinde mwa phiri alipo okwanira.

Japan ali patsogolo pathu ndi maola 7. Tsiku loyamba likhale lopumula ndi kuyeza zida. Gulaninso inshuwalansi, ndipo muwerenge ngati ikutchula masewera a pa chipale komanso kutsetsereka kunja kwa njira zosamalidwa, poti zambiri zimachotsa zimenezi m'timalemba tating'ono. Nyama youma, soseji ndi zipatso zaziwisi saloleza kulowa nazo m'dzikomo. Mankhwala ena a chimfine okhala ndi pseudoephedrine nawonso ndi oletsedwa, asiyeni kunyumba. Mapulagi a kumeneko ndi a mano awiri aphwatalala, magetsi a 100V, ndiye tengani adaputa.

Zovala

Kuzizira kwa Juni kumene timati kwatipha kuno ndi kwa madigiri osachepera 5 pamwamba pa ziro nthawi zambiri. Ku Niseko mu Januwale kumakhala pakati pa 5 ndi 15 pansi pa ziro, pamwamba pali mphepo. Chijasi chimodzi chokhuthala sichithandiza. Mumavala zitatu zosanjikiza: cham'kati chogwira thupi cha ubweya wa nkhosa kapena poliyesita, chapakati chofunda ngati fleece, ndi chakunja chosalowa madzi ndi mphepo. Cha thonje chilichonse chichotseni, ngakhale vesiti. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga, ndipo mukakhala pa lifiti mphindi khumi thukutalo limasanduka ayezi pamsana.

Salaula wa ku Soweto Market amathandiza kwambiri, chifukwa m'mabelo mumatuluka majekete ndi mathalauza enieni a pa chipale amene kuno alibe owafuna. Thirani madzi pang'ono pansalu: akagubuduka ngati pa tsamba la nthochi ili bwino, akalowa isiyeni. Tembenuzani jekete muone ngati misoko yake yamatidwa ndi tepi mkati, ndipo yang'anani lamba wa mphira wa m'kati m'chiuno amene amatsekereza ufa mukagwa. Zimene simuyenera kutchipira ndi magulovu ndi magalasi otchinga maso, ma goggles. Galasi lake likhale lachikasu kapena lapinki, la kuwala kochepa, chifukwa kumitambo galasi lakuda limabisa mabampu ndi maenje, dziko lonse n'kungooneka mbee. Musamawakweze pachipumi chotuluka thukuta, amachita nthunzi, ndipo mkati mwake musapukute ali onyowa, mumachotsa mankhwala oletsa nthunziyo.

Sokosi ndi imodzi yokha, yopyapyala, yofika m'bondo. Kuvala ziwiri kumafinya phazi, magazi sayenda, zala zimazizira koposa.

Pobwereka zida

Zida zonse zimabwerekedwa komweko. Nsapato amaziyeza ndi kutalika kwa phazi m'masentimita, osati saizi ya ku shopu. Mukaimirira zala zikhudze kutsogolo pang'ono, mukapinda mawondo zibwerere, chidendene chisanyamuke. Ambiri amatenga yaikulu pofuna mtendere, kenako phazi limasewera mkati, ski samvera, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chimada. Thalauza lam'kati lisalowe mu nsapato, mkwinya umodzi wokha umasupula msongolo pofika masana.

Ski ya pa njira zopsinjidwa imakhala mamilimita 70 mpaka 85 m'lifupi pansi pa phazi. Ya mu ufa ndi 100 mpaka 115, kutsogolo kwake kopindikira m'mwamba kuti iziyandama. Sankhani shopu yolola kusinthanitsa malinga ndi tsiku. Adzakufunsani kulemera, msinkhu, zaka ndi luso lanu kuti akonze nambala ya DIN, yomwe imalamula mphamvu imene ski imamasukira mukagwa. Nenani zoona. Mukadzikweza, ski imakana kuchoka, n'kupotokola bondo. Mukadzichepetsa kwambiri imangovuka pakati pa kona. Chisoti valani nthawi zonse.

Niseko ndi malo anayi ozungulira phiri limodzi: Grand Hirafu, Hanazono, Niseko Village ndi Annupuri. Tikiti ya phiri lonse imatsegula onse anayi. Ndi kakhadi kamene makina amakawerenga kali m'thumba, ndipo kazikhala kokha, kutali ndi foni ndi makhadi a ku banki. Malo anayiwa amalumikizana pamwamba, ndiye mphepo ikakula n'kutseketsa malifiti apamwamba mungapezeke muli tsidya lina, kubwerera kwake n'kwa basi.

Kulowa mu ufa

Tengani mphunzitsi ngakhale theka la tsiku, ndipo yambirani m'mphepete mwa njira yopsinjidwa, pomwe ufa ukulekeza m'akakolo kapena m'mawondo, kuti zikavuta mubwerere polimba.

Cholakwa chachikulu ndi kutsamira kumbuyo. Anthu amaopa kuti nsonga za ski zimira, ndiye amakhala ngati ali pampando. Ntchafu zimayaka moto pakangotha mphindi ziwiri ndipo ski siikhota. Imani pakati, msongolo ukhudze lilime la nsapato, manja onse kutsogolo ngati mwanyamula beseni. Miyendo iyandikane kuposa mmene mumachitira polimba, ndipo kulemera kugawike pafupifupi mofanana, chifukwa mukaponda mwendo umodzi wokha umamira, winawo n'kutsala pamwamba, inu chadodolido.

Chachiwiri ndi liwiro. Ufa umakugwirani wokha ngati mchenga wa mumtsinje, ndipo popanda liwiro ski siiyandama. Lunjikani kumunsi kaye, mudzinjanje pang'onopang'ono m'mwamba ndi pansi mpaka mumve chipale chikukubwezani. Pamene chakubwezani m'mwamba ndi pomwe mukhote, mofatsa, mozungulira. Kukhota mwadzidzidzi mopingasa phiri kumakwirira ski. M'mitengo muziyang'ana mipata, osati mitengoyo, poti thupi limalondola maso, ndipo zingwe za ndodo ziwiri zotsetserekera zichotseni m'manja kuti ndodo ikakodwa mu nthambi isakuguluseni phewa.

Kugwa mu ufa sikupweteka, kudzuka ndiye ntchito. Dzanja mukalitsamira limangolowa mpaka m'phewa. Bweretsani miyendo kumunsi kwa thupi, ski zipingase phiri, ikani ndodo ziwiri mopingasana pa chipale, gwirani pakati pake n'kudzikankha. Ski ikavuka n'kumira, musayendeyende. Zikani ndodo pamene mwagwera, yang'anani pamene mzere wanu wathera, n'kumacheka chipale ndi mchira wa ski inayo mopingasa, kuyambira kumtunda kutsika. Anthu amatha ola lathunthu akufuna ski imodzi. Timaliboni towala tomangirira ku ski n'kutipisa m'mwendo wa thalauza timachepetsa vutoli. A snowboard, otsetsereka pa thabwa limodzi lotambalala, asunthire zomangira mapazi kumbuyo pang'ono, ndipo asunge liwiro pofika pachidikha, apo ayi adzasambira m'chipale cholekeza m'chiuno.

Mageti ndi chingwe

Apa ndi pamene anthu amafera. Malire a malo osamalidwa amatchingidwa ndi chingwe, ndipo kutuluka kunja kumaloledwa pa mageti okhaokha, omwe ali ndi manambala. Ndondomekoyi, yotchedwa Niseko Rules, inabwera anthu atafa ndi chigumukire cha chipale m'zaka za m'ma 1990, ndipo Akio Shinya, katswiri wa mapiri wa komweko, ndiye amadziwika ndi chidziwitso cha chigumukire chimene chimatuluka m'mawa uliwonse. Chiwerengeni musanakwere lifiti. Geti ikatsekedwa, yatsekedwa. Kudutsa pansi pa chingwe n'koletsedwa ndipo angakulandeni tikiti. Zigwa zina, monga Haru no Taki ndi Yu no Sawa, saloleza kulowamo tsiku lililonse. Musatsatire mizere ya anthu ena poganiza kuti akudziwa kumene akupita.

Kunja kwa geti kulibe wolondera njira, ndipo akakakupulumutsani kumeneko mudzalipira. Chisoti ndi bikoni ndi zokakamiza. Bikoni ndi kachipangizo kovala pachifuwa mkati mwa jekete, kotumiza chizindikiro cha wailesi pa 457 kHz kuti anzanu akupezeni mutakwiririka. Payokha siikwanira: m'chikwama mukhale fosholo yachitsulo ndi ndodo yopindika yobayira chipale, yosachepera masentimita 240. Foni ikhale masentimita 20 kapena kuposa kutali ndi bikoni, ndipo pofufuza munthu theka la mita, chifukwa imasokoneza. Chifukwa chake aliyense ayenera kudziwa kukumba n'chakuti wokwiririka akatulutsidwa m'mphindi 15 zoyambirira mwayi wopulumuka ndi waukulu, koma ikadutsa theka la ola ambiri amakhala atabanika. Opulumutsa ochokera kumunsi safika m'nthawi imeneyo. Yesezani kubisa bikoni m'chikwama n'kuifufuza mpaka muzitha mosaganiza.

Chigumukire chimakonda malo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, makamaka mbali imene mphepo yaunjikako chipale usiku. Mukaona ming'alu ikuthamanga kuchokera ku ski yanu, kapena mukamva chipale chikuti fuu kutitimira pansi panu, bwererani. Potsika malo okayikitsa muzipita mmodzimmodzi, ena akuyang'ana ali pambali, osaima pakati pa chigwa.

Pali zoopsa zina zosachita phokoso. Pansi pa chipale pali nsungwi zazifupi zotchedwa sasa, zoterera, ndipo chipale chonse chikamasefukira pamwamba pake pamatseguka ming'alu yakuya kuposa munthu, yomwe chipale chatsopano chimaibisa. Mozungulira tsinde la mtengo mumakhala dzenje la ufa wosagwirana. Mitsinje nayo imayenda pansi. Wogweramo chamutu sangadzitulutse yekha. Choncho musamayende nokha, muzionana ndi mnzanu pa makona angapo alionse, ndipo kherere ikhale pa zipi ya jekete. Pa ulendo woyamba wa kunja kwa geti lembani wotsogolera wovomerezeka. Dzuwa mu Januwale limalowa isanakwane 5 koloko, ndiye nthawi ya 2 koloko si yoyambira ulendo wautali. Nambala ya ambulansi ndi 119, ya polisi 110, komanso lembani m'foni ya olondera phiri yomwe ili pa mapu.

Thupi, chakudya ndi madzulo

Khungu likapsa ndi chisanu limachita dzanzi n'kuuma, ndipo pa khungu lakuda limaoneka lotuwa ngati phulusa, makamaka pa mphuno, masaya ndi makutu. Muziyang'anana kumaso pa lifiti. Lowani m'nyumba, fundizani ndi dzanja kapena madzi ofunda pang'ono ngati osambitsira khanda. Osatikita, osayandikiza pa chotenthetsera, poti malo adzanzi amapsa inu osamva. Mpweya wa kumeneko ndi wouma, ndiye Vaseline pamilomo ndi madzi akumwa ngakhale mulibe ludzu. Foni imatha batire msanga ikazizidwa, isungeni m'thumba lam'kati.

Mwachoka kuno nthawi ya udzudzu. Thupi likatentha muli ku Japan, muuzeni dokotala poyamba penipeni kuti mwachokera ku Zambia ndipo akuyezeni malungo, chifukwa pakati pa chisanu iye adzayamba waganiza za chimfine.

Niseko ndi yodula, makamaka Hirafu. Kugona ku Kutchan n'kotchipirapo. Malesitilanti a madzulo amadzaza, ena amafuna kusungitsa malo masabata angapo, koma mashopu ang'onoang'ono ngati Seicomart amagulitsa mpunga wophika, nkhuku ndi supu zotentha pamtengo wabwino. Nsima kulibe, mbale ya ramen kapena mpunga wa curry ndi zimene zimakhala m'mimba. Khalani ndi ma yen m'thumba poti malo ena salandira khadi, ndipo uzani banki yanu kuti mukuyenda isakutsekereni. Ndalama ya pamwamba yothokozera woperekera chakudya sapereka.

Miyendo yotopa imachira mu onsen, madziwe a madzi otentha ochokera pansi. Amuna kwawo, akazi kwawo, ndipo amalowa opanda chovala. Mumayamba mwasamba ndi sopo pa kampando, n'kutsukuluza thovu lonse, kenako n'kulowa. Kathaulo kasakhudze madzi, ambiri amakaika pamutu. Malo ena amabweza anthu a ma tattoo, funsani pakhomo. Mphindi khumi zakwana pa ulendo woyamba, ndipo mowa uzibwera pambuyo, chifukwa madzi otenthawo amagwetsa munthu chizungulire. Pofika kuchipinda tulutsani magulovu ndi nsapato muziike m'chipinda choumitsira, zomangira za nsapato mutazikoweka pang'ono kuti pulasitiki isatambasuke, apo ayi m'mawa mudzalimbana nazo phazi likukana kulowa.